Zikomo nonse amene munatigwira mkono pa ukwati wa mwana wanga

Abale ndi alongo, anansi, akumpingo ndi anzanga a kuntchito, ukwati wa mwana wanga wachisamba watheka ndipo akwati ali kunyumba kwawo. Sindingathe kufika khomo ndi khomo, ndiye landirani kuthokoza kwanga pompano. Ndikuomba m'manja.

Ambiri mukudziwa kuti tsiku loyamba lija silinatheke. Makadi tinali titagawa kale, kutchalitchi atayamba kale kulengeza, pamene mayi anga, agogo ake a mkwatibwi, anatisiya kumudzi ku Chiradzulu. Ndalama imene tinasungira mpunga ndi nkhuku inathera pa bokosi ndi kudyetsa anthu pamaliro. Achimwene anga, amene ndi eni mbumba komanso ankhoswe a mwanayu, anakhala pansi ndi akuchimuna n'kugwirizana kuti tisunthe tsiku. Akuchimuna sananyinyirike ngakhale pang'ono. Anabwera kudzagona nafe pasiwa, ndipo asewere anga anamanga chitenje m'chiuno n'kugwira mthiko limodzi ndi amayi a m'mudzi. Asewere, zimene munachita zija zinandiuza za banja limene mwana wanga wapitako kuposa zonse zimene ankhoswe anandifotokozera. Zikomonso kwa eni holo ku Blantyre kuno, amene anatipatsa Loweruka lina osatidyera dipoziti.

Komiti yathu ndiyo inasenza katundu wolemera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo sikhalanso malo amodzi. Bajeti imene mwalemba mwezi uno, mwezi wamawa yatsala pepala chabe. Msungichuma ankaika pa gulu la WhatsApp ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndi risiti yomwe, moti panalibe woti n'kunong'ona kuseri. Koma amene ndikufuna kuwathokoza mwapadera ndi a wapampando, chifukwa cha mawu amodzi amene anakanirira kuyambira msonkhano woyamba: palibe kukongola podalira perekaniperekani. Enafe tinkaona ngati akuuma mtima. Koma tonse tawaonapo mabanja amene anatenga katapila kapena ngongole ya banki m'khonde poganiza kuti ndalama zosupa zibweza, tsiku la ukwati anthu n'kubwera ndi m'matumba mopepuka, Lolemba lake akwati n'kudzuka ndi angongole pakhomo. Ndiye tinadula. Mdipiti wa magalimoto unatsala galimoto za abale basi. Diresi yachiwiri yosinthira madzulo tinaisiya. Operekeza akwati tinawachepetsa. Send-off sitinachite n'komwe, ndipo pa ichi sindipepesa. Anthu amene mukuwaitana ku chinkhoswe ndi omwewo mukuwaitananso ku bridal shower, ku send-off ndi ku ukwati, ndipo thumba lawo ndi lomwelo. Akamafika tsiku lenilenilo amakhala atafinyika kale.

Chinkhoswe tinachitira kumudzi, pabwalo, ndi thobwa la azakhali ake. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, mkamwini analandira khasu ndi nkhwangwa, mwana wanga analandira lichero, mthiko ndi chipande. Atsikana aja munawafunditsa zitenje kuti mkamwini asankhepo wake anatiseketsa mpaka misozi. Zikomo akumudzi.

Tsopano ndifike kwa anthu amene simudzawaona pa zithunzi. Amayi a Mvano ndi anansi anga anasonkha moto kusanache, nkhuku atazisosola usiku. Pamene ife tinkavina m'holo, iwo anali kuseri ndi utsi m'maso, akupakula. Ena keke sanaione n'komwe. Madzi atasiya kutuluka m'mipopi, anyamata a kwaya anathamanga ndi zigubu osatumidwa ndi munthu. Magetsi atazima pakati pa perekaniperekani, bambo oyandikana nawo nyumba anakatenga jenereta yawo, mafuta akenso awo omwe, nyimbo n'kupitirira. Inu nonse, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

A MC, zikomo pomvera pempho lathu. Tinawauza kuti asaitane anthu potengera kukula kwa ndalama. Zija zoti "tsopano adzuke okhawo ali ndi ma K5,000" zimachititsa manyazi munthu amene wasiya ntchito zake, walipira minibasi, wabwera ndi K500 yake ya mtima wonse. Tinawauzanso kuti gulu likavina kamodzi lipume, osati kumaliitana ngati akuchikazi, kenaka ngati akumpingo, kenaka ngati okhala dera limodzi, anthu ake omwewo. Mwambo unatha dzuwa likadalipo, ochokera ku Thyolo ndi ku Zomba anapeza minibasi. Ndalama tinkaponya m'malichero osati pansi. A Reserve Bank of Malawi akhala akudandaula kuti ndalama zimawonongeka msanga tikamaziponda m'maukwati, koma ngakhale pasakhale zimenezo, ndalama ya pansi imasowa, ndipo ana otolera aja si onse amafikitsa. Owerenga ndalama tinatenga akuchimuna ndi akuchikazi, anawerengera pamodzi n'kusainira onse. Amene mukukonzekera ukwati, ichi musachiphonye, chifukwa mabanja ambiri amayambira pomwepa kukayikirana.

Za mphatso ndilankhule mosabisa, poti ndine mayi. Zonse talandira ndi manja awiri. Koma zofunditsira chakudya ndi mafulasiki zabwera zochuluka zoti akhoza kutsegula nazo shopu, pamene ndowa, mbaula ndi nsimbi yositira panalibe, tachita kukagula. Amene anatithandiza kwambiri ndi aja anaimba foni kufunsa kuti, "Kodi anawa akusowa chiyani?" Anzake a mkwati a kuntchito anafunsa, n'kusonkherana, n'kugula matiresi. Gogo wina wa kumudzi kwathu anabwera ndi dengu la ufa woyera pamutu ndi nkhuku yamoyo kukhwapa, ndipo ndi umene akudya akwati sabata ino. Kufunsa si kuchepetsa mphatso ayi. Ndipo mukakulunga mphatso, dzina lanu lembani papepala muike m'kati, chifukwa kakhadi komata kunja kamagwa m'galimoto. Tili ndi mabulangete awiri okongola amene sitikudziwa tithokoze ndani.

Chimodzimodzi inu amene munatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba, komanso ana athu a ku Johannesburg ndi ku Cape Town amene munatumiza pa Mukuru. Ena munatumiza kudzera kwa ejenti, ndiye kunafika dzina la ejentiyo. Tiuzeni kuti ndinu, tikulembeni m'kope.

Amene munalonjeza ku komiti koma zinthu sizinayende, chonde musamatembenuke mukandiona pamsika. Si ngongole. Tikudziwa mmene chaka chino chilili. Amene munabwera opanda khadi, munadya, ndipo tinakondwa kukuonani. Kwathu kuno mlendo sabwezedwa pa ukwati. Pempho langa ndi kwa inu olandira khadi ya anthu awiri n'kubwera asanu: muzinena kukadali nthawi kuti ophika awonjezere mpunga. Nanunso a majumbo, muziyamba mwadikira kuti onse alandire. Sinditchula maina, tinaonana.

Achimwene, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, abusa ndi alangizi, ntchito yanu siinathe, yangoyamba kumene. Anawa akakugogoderani usiku, atsegulireni.

Pomaliza, pali katundu amene anatsala m'holo: zitenje zitatu za yunifomu, nsapato imodzi ya mwana, tchaja ya foni ndi ambulera yakuda. Zili kunyumba kwanga, mwini wake abwere adzatenge, tiyi alipo. Ndipo amene anatenga mipando iwiri ya pulasitiki ya kumpingo poganiza kuti ndi yake, aibweze lisanafike Lamulungu, chifukwa a madikoni awerenga kale.