Tsiku lomwe a Mjomba analiza makina

Kombi inayenera kunyamuka ku Mbare, mu Harare, 7 koloko. Tinanyamuka itakwana 9, chifukwa a Msungichuma anaiwala buku la mayina, ndipo mukuwadziwa, popanda buku sakwera.

Akatswiri oyeza radiation, mphamvu yosaoneka yotuluka m'zinthu za nyukiliya yomwe ingadwalitse munthu, anatilandira bwino ife ogula zitsulo zakutha ku Magaba. Anati fakitale ya nyukiliya kapena chipinda cha makina a khansa chikamaphwasulidwa, chitsulo chilichonse chimayezedwa chisanatuluke pageti. Amayendetsa Geiger, kamakina kolira kakapeza radiation, pamwamba pa chitsulocho, kenako amapukuta malo a masikweya sentimita 100 ndi kapepala n'kukayeza fumbi lamatirira. Choyera chimagulitsidwa, chodetsedwa chimatsekeredwa m'migolo. Zinthu zotulutsa radiation sizitha mphamvu msanga: cobalt-60 imatha theka la mphamvu pa zaka zisanu ndi miyezi itatu, cesium-137 pa zaka 30. Anatikumbutsanso za ku Goiânia, Brazil, mu 1987, komwe anzathu a ntchito ngati yathuyi anaswa kachitsulo kotulutsa radiation kochokera m'chipatala chosiyidwa. Anthu 4 anamwalira. Apo tonse tinati zii.

Tsono nkhani yeniyeni. Mtsikana wa makina anati tiyesere tokha. Anadutsa a Tcheya, kanthu kaja kakungoti thee... thee, mwaulesi. Atafika a Mjomba, kanayamba kuthetheka ngati chimanga m'chiwaya! Anthu tinamwazikana. Amayi a kwaya anafika pakhomo akuitana Yesu, nsapato imodzi atasiya.

"Mwana wanga, ndafa kodi?" anafunsa a Mjomba, manja m'mwamba.

"Ayi agogo, tulutsani za m'thumba."

Munatuluka mtedza, chisa, ndi mpukutu wa ma rodi owotcherera a nsonga yofiira aja. Akuti muli thorium pang'ono, chitsulo chotulutsa radiation, ndipo choopsa kwenikweni ndi fumbi lake pomanola. A Mjomba akhala akuwanola pakamwa pali pululu kuyambira tisanabadwe ena a ife. Kuchokera pamenepo dzina lawo ndi a Geiger, ndipo akuvomera.

Pa nkhomaliro panabuka mkangano wakale uja. Achinyamata obadwira konkuno akuti sadza, akuluakulu akuti nsima, mpaka nyama inatha anthu akukangana. Amene anadya zidutswa zitatu tikumudziwa, sitimutchula lero.

Zikomo a Tcheya potipezera mwayiwu, amayi a ku Mufakose chifukwa cha thobwa, ndi adalaivala potipirira. Nsapato ija inapezeka. Za kusonkha ndalama yogulira Geiger yathuyathu tikambirana Lamlungu, ndipo a Msungichuma, bukulo mubwere nalo.