Kabokosi kopsa ku Senga Bay ndi lipoti la ku Israel

Foni inalira Lolemba m'mamawa ndisanasukusule n'komwe. Anali amanijala a malo ena ogona alendo ku Senga Bay, komwe ndinaika masipika ndi zingwe za pulojekita m'holo yawo ya misonkhano zaka zitatu zapitazo.

"Amisiri, mwadzuka bwanji? Kuno sikunache bwino. Chithunzi sichikutuluka, ndipo Lachinayi tikulandira anthu 80 ochokera ku Lilongwe."

Ndinafunsa ngati kunagwa mvula usiku. Anati inagwa yamabingu, mphenzi mpaka inang'amba mtengo kuseri kwa khitchini. Sindinafunsenso zambiri.

Ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza zida za zithunzi ndi mawu m'maholo, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Kashopu kanga kali pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo ndimagwira ndi mwana wa mlongo wanga amene anamaliza Fomu 4 chaka chatha. February ndi March ndi miyezi yathu yokolola. Chaka cha boma cha ndalama chimatha pa 31 March, ndiye maofesi amathamangira kunyanja kukamaliza misonkhano yomwe inatsalira. Koma ndi miyezi yomweyonso imene mphenzi imatipatsa ntchito yosaitana.

Tinakwera njinga yamoto, makwerero opinda ali kumbuyo, mpaka kunyanja. M'holo muja tebulo la wolankhula lili kutsogolo, pulojekita ili pamwamba pakatikati, koma chingwe chimazungulira m'khoma ndi m'siling'i mtunda wokwana mamita 40. Chingwe wamba cha HDMI, chonyamula chithunzi ndi mawu, chikapitirira mamita 10 kapena 15 chimayamba matenda, chithunzi kumangophethira. N'chifukwa chake timaika timabokosi tiwiri, thiransimita yotumiza chithunzi pa tebulo ndi risiva yochilandira pafupi ndi pulojekita, pakati pake n'kudutsitsa chingwe cha Cat6, chomwe chija cha intaneti ya m'maofesi. Njira imeneyi imatchedwa HDBaseT, ndipo imanyamula chithunzi ndi mawu mpaka mamita 100 popanda kufinya chithunzicho.

Mnyamata uja anakwera, n'kutsitsa risiva. Fungo lokha linanena zonse. Nditamasula timasikuluwu tinayi, ndinapeza pafupi ndi polowera chingwe pali bii, ngati pamene pazimitsidwira ndudu. Ndinachotsa kachitsulo koziziritsa kuti ndione ngati moto unafika pa chip, ubongo wa kabokosiko. Ndi kanthu kakuda, kamakona anayi, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, pamwamba pake palembedwa kuti Valens.

"Ankolo, ndiye tchipisi chake n'chimenechi? Chopanda ndi kabichi yemwe?"

Ndinaseka, koma mumtima munali mutalemera. Titayesa thiransimita, nayonso inali itapita. Moto unayenda m'chingwe n'kulasa mbali zonse ziwiri.

Lachiwiri lonse linathera pa foni. Ku Lilongwe ndinaimbira mashopu atatu amene ndimagulako, onse yankho limodzi: katundu ameneyo adatha, sitikudziwa kuti abwera liti. Kenako ndinalembera pa WhatsApp mkulu wina wa ku Johannesburg amene amanditumizira zinthu pa basi. Iye anayankha mwachangu kuti timabokosito ali nato tambirimbiri, takhala tikudya fumbi m'nyumba yosungira katundu kuyambira 2023, ndipo ndikatenga tisanu anditsitsira mtengo. Chofunika n'kulipiratu mu randi kapena mu dola. Kubanki anandiuza zomwe aliyense wochita malonda m'dziko muno akuzidziwa: lembani fomu, mudikire pamzere. Mtengo wa dola pa bolodi la kubanki unali cha m'ma K1,750, koma dolayo osaoneka, ndipo kwa anyamata a m'misewu inali yoposa kawiri pamenepo. Ngakhale ndikanaipeza tsiku lomwelo, basi sikanafika Lachinayi lisanakwane.

Amanijala anati pali timabokosi totchipa tomwe mlamu wawo anagula ku msika ku Lilongwe, tiyese timeneto. Sindinakane, poti holo ndi yawo. Lachitatu m'mawa tinatiyesa. Chithunzi chinatuluka ndithu, ndipo ndikanakhala kuti ndikuonetsa mpira sindikanadandaula. Koma anthu a misonkhano iyi saonetsa mpira, amaonetsa matebulo a Excel a bajeti, manambala ang'onoang'ono othinana. Nditatsegula tebulo lotero pa laputopu yanga, 3 ndi 8 zinali ngati mapasa. Timabokosi totere timafinya chithunzi kuti chikwane m'chingwe, ndipo ukasuntha mausi kamuvi kamatsalira m'mbuyo ngati mwana wotopa paulendo. Amanijala anaima kumbuyo kwa holo, kutsinzinira diso limodzi, kenako anati, "Ayi amisiri, izi atinyoza nazo."

Chomwe chinatipulumutsa ndi maso a mnyamata uja. Ali pamakwerero kuchotsa kabokosi kotchipako, anafuula kuti kumbuyo kwa pulojekita kuli bowo lofanana ndi la chingwe cha intaneti, pansi pake palembedwa HDBaseT. Ndinakwera ndekha kukaona. Zoonadi. Pulojekita imene ndinaisiya ine inawonongeka chaka chatha, iwo n'kugula ina yaikulupo, ndipo amene anaipachika anangolumikiza mmene anapezera. Yatsopanoyi ili ndi risiva m'mimba mwake kale. Chofunika chinali thiransimita yokha.

Mathiransimita ndiye ndinali nawo anayi m'dirowa ku shopu. Mu 2021 ndi 2022, nthawi ija ma chip anasowa dziko lonse lapansi mpaka mafakitale a galimoto kumaima, ndinavutika miyezi ingapo kupeza timabokositi. Titapezeka ndinagula tambiri kuposa ntchito zomwe ndinali nazo, kuopa kuti tisowanso. Marisiva anatha mmodzimmodzi chifukwa ndi amene amakhala kudenga pafupi ndi malata, mphenzi imayambira iwo. Mathiransimita anangotsala ngati nsapato za phazi limodzi, ndipo mayi a kunyumba akhala akundikumbutsa kuti ndalama ya feteleza ndinaitsekera m'dirowa.

Ndinabwerera ku Kamuzu Road, kutenga imodzi, kubwereranso kunyanja. Ndinadula mitu yonse iwiri ya chingwe n'kupana ina yatsopano, chifukwa yakaleyo inali itada. Ndinaonetsetsa kuti kabatani kotumiza magetsi m'chingwe n'kozimitsa, poti pulojekita ili ndi magetsi akeake ndipo sindinafune kuotcha chinthu cha eni. Nditasintha polowera chithunzi pa rimoti, khoma linakhala labuluu kwa kanthawi, kenako tebulo lija linatuluka, 3 payekha, 8 payekha. Kabokosi ndi ka kampani ina, pulojekita ndi ya kampani ina, koma zinamvana chifukwa zonse zimatsata muyezo umodzi. Muyezowu unakhazikitsidwa mu 2010 ndi mgwirizano wa LG, Samsung, Sony Pictures ndi Valens, kampani ya dzina la pa chip lija.

Lachinayi ndinakhala kumbuyo kwa holo tsiku lonse ngati mlonda. Magetsi anathima kamodzi cha m'ma 11, jenereta inalira, chithunzi chinabwerera chokha. Za msonkhanowo palibe chonena, kupatula kuti chambo cha nkhomaliro chinali chabwino.

Usiku wake ndi pamene mawu a mkulu wa ku Johannesburg aja anandibwerera. Zimatheka bwanji kuti chinthu chisowe ku Lilongwe, koma kwina chikudya fumbi? Ndinalemba dzina la pa chip lija pa foni. Valens Semiconductor ndi kampani ya ku Hod Hasharon ku Israel, inayamba mu 2006, ndipo masheya ake amagulitsidwa pa msika wa New York kuyambira 2021. Ilibe fakitale yakeyake. Imajambula mapulani a chip, opanga ake ndi ena, makamaka TSMC ya ku Taiwan. Kampani iliyonse ya pa msika umenewu imatulutsa lipoti la momwe malonda ayendera, ndipo iyi imatero miyezi itatu iliyonse. Lipoti la miyezi itatu yomaliza ya 2024 linali litangotuluka kumapeto kwa February 2025.

Manambala ake ndi awa. Mu 2022 anagulitsa katundu wa madola 90.7 miliyoni. Mu 2023 anatsika kufika pa 84.2 miliyoni, ndipo mu 2024 anagwa mpaka 57.9 miliyoni. Ukayang'ana chaka chathunthu umati kampani ikumira. Koma ukachigawa panayi nkhani imasintha: miyezi itatu yoyamba ya 2024 anagulitsa za 11.6 miliyoni, pomwe nyengo yomweyo mu 2023 zinali 23.9 miliyoni, kenako mu 2024 momwemo 13.6, kenako 16.0, n'kumalizira 16.7 miliyoni. Ndiye kuti anagwa kamodzi kolimba, n'kuyamba kukwawa chokwera.

Ine ndi wa zingwe, za mabuku a ndalama ndimangodziwa zolowa ndi zotuluka. Ndinaimbira mlongo wanga, mayi ake a mnyamata uja, amene amawerengera ndalama pa kampani ina ku Lilongwe. Ndinamutumizira lipotilo, n'kumufunsa kuti anthu ogulitsa za mamiliyoni chonchi angamalembe bwanji kuti aluza.

"Achimwene, ndalama yolowa si phindu. Inuyo mukalandira cheke cha hotela mumati yonseyo ndi yanu?"

Anandifotokozera kuti pa dola iliyonse imene kampaniyi yagulitsa, pafupifupi masenti 60 amatsala akachotsa mtengo wopangira chip. Kwa wamalonda wa pa Kamuzu Road chimenecho ndi chuma. Koma ndalama yotsalayo imathera kulipira mainjiniya amene akupanga ma chip a m'tsogolo, makamaka a m'galimoto. Ma chip awo ali kale m'galimoto za Mercedes-Benz, ndipo akulimbana kuti ena alowe m'makamera a galimoto za makampani ena. Galimoto imatenga zaka kuti ichoke pa pepala n'kufika pamsewu, ndiye amalipira lero, kudzakolola patapita zaka. Panthawiyo ankadya ndalama yomwe anasunga, imene inali yoposa madola 100 miliyoni.

Za kugwa kwa malonda, kampaniyo inanena kuti makasitomala ake, amene amapanga timabokosi ndi mapulojekita, anali ndi katundu wambiri m'nkhokwe ndipo anayamba atha kaye ameneyo asanaodenso. Chiwongoladzanja chokwera kunjako chinachititsanso kuti maofesi achedwetse kukonza zipinda zawo za misonkhano. Mlongo wanga atafika pamenepa anayamba kuseka.

"Si inu nomwe amenewa? Dirowa lanu lija?"

Ndinakhala chete. N'zoonadi. Mantha amene anandigwira ine mu 2022 anagwiranso wa ku Johannesburg, anagwira fakitale yopanga timabokosi, aliyense kuoda kawiri kuposa chomwe akufuna. Ku Israel anaona ngati dziko lonse lili ndi njala ya ma chip awo. Njala itatha, aliyense anatsegula nkhokwe yake, maoda n'kuuma. Kuyambira 2022 ine sindinagulenso kabokosi ngakhale kamodzi. Mathiransimita anga anayi sangaoneke m'lipoti la mamiliyoni, koma ali mbali yomweyo ya chiwerengerocho.

Pamene tinasiyana maganizo ndi pa mtengo. Ine ndinkafuna kulemba pa invoisi mtengo womwe ndinagulira, n'kuonjezapo pang'ono, poti amanijala aja ndi kasitomala wakale. Mlongo wanga anakana kwamtuwagalu. Anandikumbutsa kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700, ndipo mu May 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. Kunja kabokosiko katsika mtengo chifukwa nkhokwe zadzaza, koma kuti kafike ku Salima kayenera kudutsa pa dola yosowa, pa basi ndi pa msonkho. Anati ndilembe mtengo woti nditha kugulira kena mawa, apo ayi ndikhala ndikugulitsa shopu yanga pang'onopang'ono ndikuganiza kuti ndikupindula. Ndinaona kuti akunena zoona, ngakhale mpaka pano zimandivuta kuyang'ana munthu m'maso n'kumutchulira mtengo woposa kawiri wa chinthu chomwe chakhala m'dirowa zaka zitatu.

Lachisanu ndinapita nayo invoisi. Amanijala anaiyang'ana nthawi yaitali, kuvula magalasi, kuvalanso.

"Amisiri, kabokosi kamodzi komweka? Paja kale munatigulitsa tiwiri pa mtengo wochepera apa."

Ndinawaonetsa uthenga wa ku Johannesburg, ndinawawerengera randi kupita ku kwacha pa mtengo wa kubanki ndi wa kunja kwa banki. Anapukusa mutu, koma osati mokana. Iwonso amagula mafuta a jenereta ndi zakumwa za alendo, akudziwa. Tinagwirizana kuti ndichotseko ndalama ya ulendo umodzi wa njinga, iwo avomere kuti ndiike zotetezera mphenzi mbali zonse ziwiri za chingwe ndi kukonza waya wopita pansi, umene ndinaupeza utadyeka ndi dzimbiri. Ndalama anati ituluka eni msonkhano akalipira, ndipo amene anagwirapo ntchito ndi maofesi a ku Lilongwe akudziwa kuti zimenezo si za sabata ino.

Loweruka sitinatsegule msanga. Ndinakhala ndi kope langa la shopu kuwerengera za December, January ndi February, monga anandiuzira mlongo wanga kuti ndizichita miyezi itatu iliyonse m'malo modikira chaka chithe. Zolowa zinali zochuluka kuposa chaka chatha mu kwacha, koma nditazisandutsa madola zinachepa. Pa tsamba la katundu wotsala ndinafufuta 4 n'kulemba 3. Mnyamata uja anali pakhomo ndi risiva yopsa ija, akuyesa kuchotsa chip ndi chowotcherera kuti akabowole apange chokolekera makiyi.