Vani ya hayala yandiika m'madzi

Abale, vani ija ndinachita hayala Loweruka yonyamulira katundu wa chinkhoswe ku Area 25 yandiika m'madzi. Pobwerera m'mbuyo ndinakhula geti, bampala n'kung'ambika pang'ono. Kulakwako sindikukana ayi. Koma eni ake a vaniyo akuti ndilipire ekisesi yonse ya inshuwalansi (gawo lomwe wochita hayala amalipira yekha galimoto ikawonongeka), K600,000, chonsecho makaniko wa ku Biwi akuti ntchitoyo singapitirire K180,000. Ekisesitu ndi malire a zomwe ndingalipire, si chindapusa! Ati awerengerenso chitseko chopindika, pomwe zithunzi zomwe ndinajambula potenga galimotoyo zikuonetsa kuti chinali chotero kale. Ndawauza andionetse kotesheni ya kugalaja ndi pepala lija ndinasaina. Akakana, Lolemba ndikukadandaula ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula. Alipo anakumanapo nazo zoterezi?