Mmene ndimasankhira tabo ya Hilux yonyamula katundu kuno ku Chipata

Munthu akabwera ndi vaneti yake akufuna tabo (chipangizo chopukusidwa ndi utsi chopanikizira mpweya mu injini) yaikulu, ndimayamba ndamufunsa kuti, "Kodi galimotoyi imagwira ntchito yanji, bambo?" Yonyamula matumba 20 a chimanga kuchokera ku Chadiza, kapena yokoka ngolo m'zitunda za ku mlatho wa Luangwa, imathera tsiku lonse pakati pa 1,600 ndi 2,800 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi). Tabo yake iyenera kudzuka msanga pamenepo. Ikakulitsa imachita ulesi: mukaponda, utsi wakuda uli tolotolo, mphamvu n'kudzafika chitunda mutachiyamba kale.

Ndisanagule kanthu ndimayeza injini. Titenge injini ya Hilux ya 1KD-FTV, ya malita 3.0. Ndimatsegula chivindikiro cha oyilo injini ikulira, kuona ngati ikupemerera utsi wambiri, kenako ndimawerenga mainjekita pa kompyuta. Injini imeneyi ili ndi nthenda yodziwika: mawashala a pansi pa mainjekita akayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka kasefa kokokera oyilo mu sampu. Tabo yatsopano ikasowa oyilo sichedwa kufa, ndiye ndimatsitsa sampu ndi kuona kasefako ndi maso anga. Injekita yothira dizilo mopitirira imatenthetsa pisitoni mpaka kusweka. Zimenezi zikonzedwe kaye.

Tabo yobwera ndi injiniyi ndi CT16V, ya timapiko tosuntha kumbali ya ekizozi, toyendetsedwa ndi kamota ka magetsi. Pa galimoto ya ntchito ndimasankha ya mtundu womwewo koma yoikidwa gudumu lalikulupo lokokera mpweya, lija amati billet. Imakhala pamabawuti omwewo, mapaipi omwewo, ndipo kompyuta ya galimoto imaizindikira. Njira inayo ndi tabo yaikulu ya wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi wina kuti tabo isathamange mopitirira. Imapatsa mphamvu zambiri marevu akakwera, koma imafuna fulanji ina, mapaipi ena, ndiponso kusintha pulogalamu ya ECU (kompyuta ya injini), apo ayi kompyuta ikasowa kamota kaja imayatsa nyale n'kudula mphamvu. Kwa wonyamula soya ndi nshawa, ndalama imeneyo bola agulire kilachi yolimba, poti kilachi yakale imayamba kuterera mphamvu ikangokwera.

Pali china chimene ogulitsa a m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Durban, saganizira. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo mpweya kuno ndi wopepuka, pafupifupi 0.89 bar. Masamu opezera kuti tabo ikupanikiza mpweya kangati ndi awa: phatikizani boost (mphamvu ya mpweya imene tabo imawonjezera) ndi mphamvu ya mpweya wa kunja, mugawe ndi mphamvu ya mpweya wa kunja womwewo. Boost ya 1.5 bar ku Durban imapereka 2.5, koma kuno imapereka pafupifupi 2.7. Kunena kwina, tabo imazungulira kwambiri ndi kutenthetsa mpweya kuti ifike pa boost yomweyo. Choncho ndimapempha chithunzi cha compressor map, chosonyeza malire amene tabo imagwirira bwino ntchito, ndione ngati 2.7 ili mkati bwinobwino, osati m'mphepete. Kumanzere kwa chithunzicho ndi kumene tabo imatsokomola mpweya ukabwerera, kumtunda ndi kumene imathamanga mopyola muyezo. Ndimapemphanso pepala losonyeza kuti shafiti inapimidwa pa makina a balansi. Wogulitsa akayamba kuzemba pa mapepala awiriwa, ndimapita kwina, ngakhale mtengo utsike chotani.

Pomanga ndimaika paipi yatsopano yobweretsa oyilo, magasiketi atsopano, oyilo watsopano ndi sefa yake. Silikoni pa njira za oyilo ayi, chifukwa kachidutswa kake kamatseka kabowo. Intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera mu tabo, ndimaichotsa n'kuitsuka, makamaka ngati tabo yakale inkataya oyilo: oyilo wotsalira umakokedwa ndi injini n'kuyaka ngati dizilo, injini n'kumathamanga yokha ngakhale mutazimitsa kiyi. Sefa ya mpweya ndi mapaipi ake ndimaziona bwino. Fumbi la m'misewu yathu likapeza kamng'alu, limadya nsonga za gudumu ngati zapalidwa ndi tupa. Ndimathira oyilo pang'ono pabowo la tabo, kupukusa shafiti ndi chala, ndiyeno kuliza injini mphindi zisanu osaponda.

Geji ziwiri sindizisiya: ya boost ndi ya kutentha kwa utsi, EGT. Sensa yake ndimaiboolera pa manifodi, utsi usanalowe mu tabo, chifukwa kuseri kwa tabo nambala imaoneka yotsika ndipo imanamiza. Poyesa ndimakweza katundu weniweni, masana dzuwa lili phwee, n'kukwera chitunda chachitali ndi giya yachinayi. EGT ikamakhazikika kupitirira madigiri 700, ndimauza wokonza pulogalamu achepetse dizilo, n'kubwereranso pachitunda chomwecho ndi katundu yemweyo.