Ndimu ya ku Darajani si ya kwathu

Mmalawi akafika pamsika wa Darajani ku Zanzibar n'kufunsa ndimu, wogulitsa amamumva bwinobwino, koma chimene amamuikira m'manja chimakhala china. Amamupatsa tizipatso tobiriwira, tozungulira, tochepa kuposa dzira la nkhuku, ta khungu losalala ndi lopyapyala. Pa Chiswahili imeneyo ndiye ndimu. Chipatso chachikulu cha khungu lokhuthala chija, chimene ife timafinyira mu tiyi chimfine chikatigwira, iwo amati limau. Ngati mukufuna chimenecho, nenani limau ndipo mulozenso ndi chala.

Mtengo wa mandimu athuwa, amene iwo amati limau, kwawo ndi ku Asia, chakumpoto cha kum'mawa kwa India, ndipo unabadwa atasakanikirana mitengo iwiri, citron (chipatso cha khungu lokhuthala chofanana ndi mandimu) ndi lalanje lowawa. Ku India mpaka lero amati nimbu. Aperezi ankati limun, Aluya n'kumati laymun, ndipo Aluyawo ndi amene anaufalitsa mpaka ku Sicily ndi Spain. Kumeneko dzina linayenda pakamwa ndi pakamwa: Ataliyana limone, Afalansa limon, kenako Angerezi lemon cha m'ma 1400. Apwitikizi, amene anafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mu 1498, amati limão, ndipo khutu lokha limakuuzani kuti limeneli ndi limau ndi pachibale. Lathu la ndimu ndi lomwelo la Aswahili. Sizodabwitsa, poti amalonda achiswahili anakhazikika ku Nkhotakota pansi pa Jumbe cha m'ma 1840.

Kusiyana kwa zipatso ziwirizi mudzakumvetsa bwino pa mbale ya urojo, kaya pafupi ndi msikawo kaya madzulo ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja komwe amagulitsa zakudya. Urojo ndi msuzi wowawasa wachikasu, wokhuthalako chifukwa amathiramo ufa pang'ono. Wogulitsa amayamba kuika m'mbale mbatatesi yophika, bajiya wonyemanyema, tizidutswa ta chinangwa chokazinga mouma, ndi nyama yootcha ngati mwaitanitsa, kenako amathira msuzi wotentha pamwamba, n'kumalizira kokonati ndi tsabola. Ndimu imabwera pomaliza. Finyani theka lokha, takasani, mulawe kaye. Msuziwo ndi wowawasa kale, ndiye mukafinya yonse simumvanso kukoma kwa china chilichonse. Musachedwenso kudya, chinangwa chija chikanyowa chimafewa ndipo mbale yonse imasanduka phala. Pa madzi a nzimbe ndi chimodzimodzi: amapinda nzimbe, n'kupanikiza kachidutswa ka ndimu ndi jinja pakati asanaibwezere m'makina, ndipo fungo la khungu lake limalowa m'madzimo. Limau silingafikepo pamenepo.

Pogula ndimu sankhani yolemera m'manja, yofewako mukaidina. Yopepuka ndi youma mkati. Musanadule, igubuduzeni patebulo ndi chikhatho, madzi amatuluka ambiri. Amagulitsa m'milumilu ngati tomato kwathu, ndipo mlendo amamutchulira mtengo wokwera, choncho dikirani muone zimene mayi wakomweko walipira.

Chondinyansa pa ulendo wa ku Zanzibar ndi doko la ku Dar es Salaam, komwe mumakwerera boti. Boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri, koma musanalifike mumakumana ndi anyamata oitanira amene amakulandani chikwama n'kukukokerani ku tiofesi tam'mbali komwe tikiti imakwera mtengo popanda chifukwa. Munthu wachokera ku Songwe, wakhala m'basi tsiku lathunthu kuchoka ku Mbeya, watopa, ndiye amangogonja. Musagonje. Gwirani katundu wanu, pitani pawindo lenileni la eni boti, ndipo dziwani kuti mlendo amalipira zambiri kuposa nzika ya Tanzania. Pasipoti ikhale pafupi chifukwa ku Zanzibar amaionanso potsika. Nyanja imakonda kulusa masana, makamaka pobwerera ku Dar es Salaam, ndiye amene amachita nseru akwere boti lam'mawa ndipo akhale pansi chakumbuyo.