Ndasankha Django 5.2, koma mtima unali pa 6.0

Lachiwiri, 25 Novembala 2025

Kwatenthanso lero, mitambo ikungotinamiza. Ndafika ku ofesi ndili ndi nkhani imodzi m'mutu: sisitimu ya fizi imene tinapangira sukulu ina ya pulaiveti mu 2023 ikadali pa Django 4.2 (Django ndi chida cha Python chopangira masisitimu a pa intaneti), ndipo 4.2 isiya kulandira zokonza za chitetezo mu Epulo 2026. Kwatsala miyezi isanu. Kusamuka tisamuka ndithu, koma tilowera kuti?

Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito yankho anali nalo kale. Wachezera usiku wonse ndi Django 6.0 yoyesera pa laputopu yake, maso ali psuu. "Achimwene, tabwerani muone," akundikoka dzanja. "Ma background tasks, ntchito zija zochitika kumbuyo munthu osadikira, awalowetsa mu Django momwemo. Ma SMS okumbutsa makolo za fizi aja sativutanso." Wandionetsanso ma template partials, tizidutswa ta tsamba togwiritsanso ntchito, kenako CSP, chitetezo cha masamba, yobwera nayo kale. Sindinama, ndamezera mate.

Ndiye ndamuuza kuti atsegule seva ya sukuluyo. Ubuntu 22.04, Python 3.10. Django 6.0 imafuna Python 3.12 kapena yoposa pamenepo. Ndiye kuti tisanakhudze n'komwe khodi yathu, tiyambe tasokoneza seva yonse, chonsecho teremu yachiwiri itsegulidwa mu Januwale, makolo ali pamzere kwa abasa ndi malisiti a kubanki m'manja. Zikadzavuta tsiku limenelo, foni imene idzalire ndi yanga, osati yake.

Sanagonje msanga. Tinakhala pansi n'kuwerenga limodzi za ma tasks aja, ndipo apa ndi pamene anayamba kuzizira. Django yangopereka njira yolembera ntchito ndi kuiika pamzere. Worker, pulogalamu yoti iigwire ntchitoyo, palibemo, umafunikabe kukatenga kwina. Chimene iye ankathawacho chikumudikirabe kutsogolo.

Koma chimene chandimanga ine ndi kalendala. Django imatulutsa mtundu watsopano miyezi isanu ndi itatu iliyonse, ndipo wachitatu uliwonse ndi LTS, umene amausamalira zaka zitatu. 5.2, imene ndi LTS, inatuluka mu Epulo chaka chino, ifika mpaka Epulo 2028. 6.0, imene yeniyeniyo ikutuluka mwezi wamawa, ithera mu Epulo 2027. Wamng'onoyo ndi amene adzayambe kupuma, mkulu wake akadali pa ntchito! Ukakhala ndi kasitomala amene ndalama zokonzera sisitimu amazitulutsa ngati akum'zula dzino, chaka chimodzi chimenecho si chamasewera.

Masana tinayamba kukweza sisitimuyo kupita ku 5.2. Ndinathamangitsa ma test ndi -Wa kuti machenjezo onse atuluke poyera, ndipo anatuluka ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Ena n'ngolakwa kwanga, ndinkawaona kalekale n'kumati ndidzakonza mawa. pytz, laibulale yakale yowerengera nthawi za madera, tinaichotsa mosavuta. Chimene chinatidyera nthawi ndi batani la logout: ukalidina, tsamba likungobweza 405, uthenga wokana pempholo. Tinafufuza pafupifupi ola lathunthu tisanakumbukire kuti kuyambira 5.0 kutuluka ndi GET (kungodina linki) anakuchotsa, pamafunika POST (kutumiza fomu). Kalinki kamodzi, mizere inayi ya fomu, basi. Magetsi anazimanso pakati pa zonsezi, tinamalizira pa batire ndi bandulo ya m'foni.

Pokaweruka tinagwirizana kuti iye asunge branch yake ya 6.0, kope lapadera la khodi yathu, aziiyesa Lachisanu lililonse, kuti 6.2 LTS ikamadzafika mu Epulo 2027 isadzatipeze tili mtulo ngati mmene yatichitira 4.2. Wavomera, koma nkhope ili ndwii. Potuluka pakhomo watembenuka: "Achimwene, inu mukukalamba." Ndangoseka.

Test imodzi ya malipoti a PDF ikukanabe. Ndiiona mawa m'mawa ndisanamwe tiyi.