Khasu landitsegula maso pa nkhani ya tizitsulo ta pamfuti

Miyezi yonseyi ndakhala ndikuganiza kuti tizitsulo tomwe timamangirira pampope wa mfuti ya mpweya ntchito yake n'kungolemetsa basi. Mfuti ikalemera, ikhazikika, nkhani yatha. Ndiye ndinaunjika tonse tomwe ndinabwereka pafupi ndi dzanja lamanzere, mpaka mfuti inatsala pang'ono kufika pa makilogalamu 5.5 omwe malamulo a ISSF, bungwe loyendetsa mipikisano yowombera chandamale padziko lonse, amalola, koma kugwedera kunali komwe kuja. Mkono wokha ndi womwe umatopa.

Chandimasula ndi khasu. Loweruka ndimapalira kadimba kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Johannesburg, ndipo popuma ndinangoligwira kumapeto kwa mpini, chitsulo chili kutali, n'kuyesa kuligwedeza uku ndi uku. Kukana. Ndinalitembenuza, chitsulo chili pafupi ndi dzanja, mpini ukuloza kutsogolo: kugwedezeka ngati kabango. Khasu ndi lomwelo, kulemera kwake sikunasinthe. Ndinaima pamenepo kanthawi ngati wopusa.

Nkhani si kuchuluka kwa chitsulo ayi, ndi pamene chakhala. Ndipo mtundawo umawerengedwa modzichulukitsa wokha. Magalamu 100 ali masentimita 40 kuchokera paphewa, mukawasunthira pa 80, mphamvu yawo yokaniza mfuti kutembenuka siwirikiza kawiri koma kanayi. Kanayi, anzanga! Zinthu zomwe tinalemba mkalasi ya physics ku sekondale n'kuziiwala mayeso atangotha.

Komanso kachitsuloko sikachotsa kugwedera. Apa m'pamene ndinkasochera kwambiri. Thupi likugwederabe, mtima ukugundabe, koma mlomo wa mfuti umayenda mwaulesi, ngati ngolo yodzaza chimanga. Pa mtunda wa mamita 10 womwe timawomberapo, pomwe mapointi 10 ali pa kadontho ka theka la milimita pakati pa chandamale, ulesi umenewo ndi womwe tikufuna. Ukafinya thiriga pamadutsa kanthawi kochepetsetsa peleti, kachipolopolo kake, isanatuluke mumpope, ndipo mfuti ikamathamanga panthawiyo, mapointi 10.5 amasanduka 9.8 usanaphethire n'komwe. Ikamayenda pang'onopang'ono, peleti imagwera pafupi ndi pomwe diso linaona.

Ndinachotsa tonse tija, n'kusiya kamodzi kokha kutsogolo. Mfuti inapepuka koma inafatsa. Ndinayezanso kuti kasapitirire mamilimita 30 kuchokera pakati pa mpope, paja oyang'anira zida pampikisano samvera madandaulo.

Njira yomwe ndikuyezera ndi iyi, ndipo ndikulumbira kuti palibe ina yoposa: ndimamata ndi tepi katochi ka laser pampope, ndimaloza kukhoma mfuti ilibe peleti, foni ikujambula kadontho kofiirako. Masekondi khumi ndi asanu, ndipumule, ndisunthe kachitsulo masentimita awiri, ndijambulenso. Madzulo ndimaonera makanemawo motsatizana n'kulemba m'kope. Anzathu andalama ali ndi makina otchedwa SCATT owajambulira pakompyuta mzere wonse womwe mlomo wa mfuti wayenda, ine ndimati katochi kanga kakundiuza zomwezo. Amandiseka. Aziseka.

Chomwe chikundiwawa ndi achikulire omwe amatiphunzitsa ku kalabu. Kuwombera amadziwa, sindingawanyoze. Koma ndinawafunsa katatu konse za tizitsuloti, yankho lake limodzimodzi: ingoyesani, mudzamva nokha m'thupi. Kumva chiyani? Munthu woyamba kumene amamva kutopa kokha. Akanangotenga tsache pakhomo paja n'kundigwiritsa mbali zonse ziwiri, bwenzi nditamvetsa tsiku lomwelo. Ndiye nthawi nayonso, timaloledwa kuwombera Lachiwiri madzulo basi, ine ndikuchokera kuntchito miyendo ili lende, theka la ola litathera podzaza mpweya ndi kumanga jekete. Ma shoti 60 a mpikisano sindinawamalizepo kawiri m'mwezi umodzi.

Lachiwiri lapitali ndinawamaliza. Makumi atatu oyamba anali abwino kuposa kale lonse, timabowo tinasonkhana pamodzi moti ndinajambula pepalalo. Kuyambira cha pa 40 msana unayamba kulankhula, kumunsi kuno kumanzere. Kulemera kukapita kutsogolo mfuti imafuna kuwerama, ndiye umapendekera kumbuyo kuti uibweze, chigongono chikukanikiza pachiuno kwambiri. Ma shoti khumi omaliza anatsikira pansi pafupifupi onse, ndipo mfuti ikayamba kuchoka pakati inkachedwanso kubwerera. Ulesi womwe uja, koma tsopano ukundigwirira ntchito mobwerera.

Ndiye mwina ndibweze kachitsuloko masentimita anayi, kapena ndiike kena kuthako la mfuti kuti zilingane, kapena vuto ndi msana wanga womwe sunazolowere. Pena ndimakayikanso ngati makumi atatu abwino aja anali a chitsulo kapena a chimwemwe chakuti ndamvetsa kanthu. Kope lija ndalembamo mafunso atatu, sindikudziwa loti ndiyambire Lachiwiri likubwerali.